Misozi ya Ogasiti

Mphuno yanga imadziwa kalendala kuposa mwini wake. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndipo mpaka lero miyezi ya chaka ndimaitchula ndikupinda zala, koma Ogasiti akayandikira sindifunsa munthu. Ndimadzuka m'mawa kummero kukuyabwa ngati ndagona ndikutafuna chitedze, maso ali psuu, kenako kuyetsemula kumayamba. Si kuyetsemula kwaulemu kuja kwa m'tchalitchi ayi. Kwanga kumabalalitsa nkhuku za aneba. Ndikasuzumira panja ndimapeza zomwe ndimayembekezera: mtengo wa mango wa pakhomo panga, kuno ku Bangwe, wavala maluwa ake otuwa aja, njuchi zili pikitipikiti.

Ntchito yanga inali ya utelala. Makina anga ankakhala pakhonde la golosale ina kufupi ndi msika, pomwe fumbi la maminibasi opita ku Limbe linkatera. Anthu a m'tauni sachedwa kumupezera mnzawo dzina la matenda. Ena ankati telala wayamba chamba, taonani maso. Ena ankati ndi kachasu wa m'mawa. Ndipo zaka zimenezo, mafoni a m'manja akungofika kumene, munthu ukatsokomola kawiri anthu ankayamba kukuyeza thupi ndi maso, kuona ngati lamba wasuntha bowo. Ine lamba sanasunthe. Ndinkangotuluka madzi m'maso ndi m'mphuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, kenako n'kuchira ngati sindinadwalepo.

Kuchipatala, dokotala wina wachinyamata anandiuza kuti chimenechi si chimfine wamba. Anati ndi mungu, kafumbi ka m'maluwa kosaoneka ndi maso, ndipo fumbi la mumsewu ndi utsi wa moto wa tchire zimangowonjezera. Anatchula dzina lake la Chingerezi, lilime langa linakana kulinyamula. Ndinafunsa ngati matendawa amachira. Anati sachira, umangowanyengerera chaka ndi chaka. Ndinati ndiye matenda amenewa ndi apongozi. Sanaseke. Anandilembera timapiritsi tachikasu, n'kunena kuti ngati pakhomo pali mtengo wochita maluwa nyengo imeneyi, kuudula kungathandize.

Timapiritsito tinkathandiza, koma tinkagonetsa. Tsiku lina nditamwa m'mawa ndinasinza pamakina n'kusoka mwendo wa thalauza la aphunzitsi ena mpaka kuutseka kumapazi. Aphunzitsiwo sanabwerenso kwa ine. Kuyambira pamenepo mapiritsi anachoka m'manja mwanga n'kupita m'manja mwa akazi anga.

Akazi angawo anali a ku Nsanje, Akatolika osasiya kolona. Ine makolo anga anachokera ku Mozambiki n'kudzakhazikika ku Mulanje, ndipo tchalitchi ndinachilowa potsatira iwo. Mtengo wa mango uja anadzala okha titangopeza puloti, ndipo mbewu yake anachita kubwera nayo kuchokera kwawo itakulungidwa m'kansalu. Ukabereka ankayala mango pamsewu n'kumagulitsa, otsala n'kumagawira ana a mumzere mwathu. Chaka chilichonse maluwa akatuluka tinkakangana mkangano umodzimodzi.

"Chaka chino ndiudula," ndinkatero, kansalu kali pamphuno.

"Dulani," ankayankha osatembenuka. "Koma muyambe ndi mphunoyo, ndi imene ili pafupi."

Mtengo sunadulidwe, mphuno sinadulidwe. M'malo mwake iwo anasanduka chipatala changa. M'mawa asanasese ankayamba awaza madzi pabwalo ndi dzanja, pang'onopang'ono ngati akudyetsa anapiye, kuti fumbi lisadzuke. Zovala zanga sankayanika pansi pa mtengo, ankakayanika kuseri. Windo la mbali ya mtengo ankalitseka nyengo yonse, m'mipata n'kutsekamo zigamba. Ndikaweruka ndinkapeza beseni la madzi ozizira pakhomo, ndipo ndisanasambe kumaso m'nyumba sindinkalowa. Anyamata akayatsa moto kuphiri posaka mbewa, utsi n'kutsikira kuno, ankapachika chitenje chonyowa pachitseko. Zikavuta ankaphika masamba a bulugama n'kundifunditsa bulangeti pamwamba pa nthunziyo, ine ndikudandaula m'kati ngati mbuzi ya m'thumba. Zidutswa za nsalu za makasitomala ankazipinda m'mphepete kukhala timipango, n'kumatiwiritsa pamoto. Madzulo ankandiikira piritsi m'dzanja n'kuima pomwepo mpaka ndimeze.

Ine ndinkati akundisandutsa khanda. Iwo ankati khanda limaposa ine chifukwa limakula.

Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Anakula akuona zonsezi, ndipo ali wamng'ono ankandiwerengera kuyetsemula mokweza mpaka amayi ake amuthamangitse.

Chaka china chakumapeto kwa Ogasiti kunagwa maliro mumzere mwathu. Anamwalira mayi wina wogulitsa makala, wamasiye, wa thupi lake labwino ndi mpata kumano. Sindinkamudziwa kwenikweni. Anandibweretserapo chitenje kuti ndimusokere, basi. Monga mwa mwambo azimayi anali m'nyumba ya siwa, ife azibambo panja. Tsoka ilo, mipando ya azibambo anaiyala pansi pa mtengo wa mango wodzaza maluwa, uku utsi wa nkhuni zophikira ukubwera cha komweko, uku kamvuluvulu akutola fumbi. Kampango kanga kananyowa tisanafike n'komwe pa nyimbo yachiwiri. Kuyetsemula ndinkakubweza chifukwa cha ulemu, ndiye zonse zinatulukira m'maso. Misozi inkatsika mpaka kudontha pachibwano.

Kwathu kuno bambo salira chotero pamaliro a mkazi wa eni. Amakhala ndwii, chipewa pabondo. Ndiye mlaliki uja, atasowa chitsanzo, anandiloza ine. Anati taonani bambo awa, si m'bale wa malemu, koma onani chikondi cha pa mnansi. Anthu onse anatembenuka. Azimayi amene anali pakhonde anagwirana zigongono. Kumanda mchimwene wake wa malemu anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna ndiulule kanthu.

Sabata imeneyo kunyumba kunali mlendo, alamu anga, akulu awo a akazi anga, amene anabwera kuchokera ku Nsanje kudzaoda katundu ku Limbe. Nawonso anali pamaliropo. Titabwerera kunyumba anadikira ndikhale pansi.

"Alamu, pepani ndi zovutazi. Sitinkadziwa kuti anamfedwa ndinu."

"Ndi mphuno, alamu."

"Mphuno ya kuno ku Blantyre ndi yachikondi. Kwathu mphuno imangonunkhiza."

Akazi anga anaseka mpaka kukhala pansi. "Asiyeni, achemwali. Ine ndinawasuzumira pawindo. Misozi ya chimfine siigwedeza mapewa. Awa mapewa anali zii ngati hang'ala ya jekete."

Mwana wathu, amene nthawi imeneyo anali ku sekondale, anaseka nawo. Ine ndinaseka. Alamu anga sanaseke. Nkhaniyo anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa chikwama, n'kupita nayo ku Nsanje.

Panapita zaka. Mwana anakwatiwa ku Machinjiri, n'kuyamba geni ya kaunjika ku Limbe, n'kutipatsa zidzukulu ziwiri. Lamlungu tikachoka ku Misa tinkawapeza afika kale, ana ali m'mtengo.

Akazi anga anamwalira mu Febuluwale, chaka chija mafuta a galimoto ankasowa, mizere ya magalimoto ikugona pamafilingisiteshoni. Anagwa akuchapa. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo sanakhalitseko. Galimoto yonyamula maliro mpaka ku Nsanje sinapezeke, ndiye tinagwirizana kuti tiike kuno. Abale awo anabwera movutikira, alamu anga aja ali patsogolo.

Febuluwale ndi mwezi umene mphuno yanga imakhala patchuthi. Mvula imakhala itatsuka mlengalenga, fumbi litagona, mtengo utangokhala masamba okhaokha. Ndinakhala pampando panja, anthu akubwera kudzandigwira dzanja, ndipo m'maso mwanga munali gwa. Musaganize kuti sindinayese. Ndinakumbukira tsiku limene ndinawaona koyamba. Ndinakumbukira beseni la pakhomo. M'chifuwa munkalemera ngati ndameza mutu wa makina osokera, koma kumaso kunalibe kanthu. Ndinafika poganiza zokadutsa kuseri kumene azimayi ankadula anyezi, koma ndinachita manyazi ndi malemu.

Nthawi yoona nkhope itakwana anandigwira mkono n'kundilowetsa m'nyumba. Anali atawaveka yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, bulauzi imene ndinawasokera ndekha. Ndinawerama. Kolala ya kumanzere inali itapindikira m'kati. Akazi anga sankatuluka m'nyumba kolala itapindika, ngakhale popita kukagula mchere. Ndinatambasula dzanja n'kuiwongola, n'kuisalaza ndi chala.

"Kolala inapindika," ndinatero. Sindikudziwa kuti ndinkauza ndani.

Kenako ndinaweramuka, maso ouma, m'nyumba modzaza azimayi akundiyang'ana. Mukudziwa kuti azimayi athu polira maliro amalira ndi mawu, ndipo zimene sanganene pamaso pa munthu amazinena m'kulira, popeza wolira saimbidwa mlandu. Alamu anga anatulutsa nkhani ija pansi pa chikwama.

"Mng'ono wanga ine, wapita wopanda wokulira! Misozi inathera kwa wamakala, mng'ono wanga ine!"

Anabwereza mpaka kumanda. Amene anali ataiwala anakumbukira. Amene anasamukira mumzere mwathu mochedwa anafunsa anzawo, n'kuuzidwa zoonjezera.

Za anthuwo sindinkadandaula kwambiri. Pakamwa pa anthu a ku Bangwe ndinapazolowera. Koma abale atabalalika, mwana wanga anandipeza ndili ndekha pakhonde. Anaima, sanakhale.

"Ababa, za wamakala zija ndikudziwa. Inali mphuno. Amayi aakulu akungolankhula."

"Ndiye bwino."

"Koma amayi anakusamalani zaka zonsezi. Madzi, nthunzi, timipango. Inu pomaliza munaona kolala basi?"

Ndikanamuuza za mutu wa makina uja m'chifuwa. Koma pakamwa panga panazolowera njira imodzi, ngati ng'ombe ya ngolo. Ndinati, "Maso angawa ndi aganyu, mwana wanga. Amagwira Ogasiti mpaka Okutobala."

Amayi ake akanaseka, kapena akanandigenda ndi chikho. Iye anangondiyang'ana, n'kutenga chikwama chake.

Sanabwerenso. Sanandisiye ndi njala ayi. Ufa, shuga ndi sopo zinkabwera ndi mwamuna wake, mkamwini wanga, munthu wofatsa amene ankatula katundu n'kukhala pang'ono akuyang'ana nsapato zake. Ndikafunsa za ana ankati ali bwino, sukulu yawachuluka. Ndikaimba foni, mwana wanga ankayankha mafunso onse mwaulemu, ngati akuyankha wapolisi. Lamlungu ndinkachoka ku Misa n'kupeza pakhomo pali zii. Chiperoni chinabwera, chinandipeza ndekha m'bulangeti la anthu awiri, chinapita. Ndinazindikira kuti ndaika mkazi m'manda, ndipo mwana naye ndikumuika pang'onopang'ono ali moyo.

Chakumapeto kwa Julaye mkamwini anabweretsa kapepala ka timapiritsi tachikasu pamodzi ndi ufa. Mwana wanga kalendala ya mphuno yanga sanaiiwale. Ndinatiika pawindo.

Chaka chimenecho mtengo unachita maluwa ngati ukudziwa kuti mwini wake kulibe woti auletse. M'mawa wina ndinadzuka kummero kukuyabwa. Panja panalibe wowaza madzi. Windo la mbali ya mtengo linali lotsegula, chifukwa panalibe amene analitseka. Ndinayetsemula, nkhuku za aneba zinathawa, ndipo ndinamva kanthu kofunda kakutsika patsaya. Ndinakagwira ndi chala n'kukayang'ana.

Ndinayang'ana timapiritsi pawindo paja. Kenako ndinanyamula mpando n'kukauika pansi pa mtengo, penipeni pomwe maluwa amayoyokera. Ndinaganiza kuti si bwino wamakala apite ndi ndowa yodzaza, mayi wa mwana wanga apite ndi chikho chouma. Ndinakhala pamenepo, misozi ikutsika, ine ndikuwauza malemu nkhani za mumzere mwathu: amene wasamuka, amene wagula wailesi ya kanema, amene mkazi wamuthawa. M'mawa mwake ndinachitanso chimodzimodzi. Kukhonde la golosale ndinasiya kupita. Maso anatupa mpaka kutsala timing'alu, mphuno inasupuka, ndipo m'chifuwa munayamba kulira kamluzu kamene kale kanalibe. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anandiyang'ana pampanda kwa masiku angapo, kenako anaimbira foni mwana wanga kuti bambo anu akudzipha ndi mtengo.

Loweruka m'mawa ndinamva geti likutseguka. Ndinatsegula maso ndi zala. Anali mwana wanga, mwamuna wake, ndi bambo wina wachilendo atanyamula nkhwangwa ndi chingwe.

"Auzeni achoke pamenepo," anatero mwana wanga, akuuza mwamuna wake. "Nthambi zingawagwere."

Mkamwini anayang'ana nsapato zake.

"Takulandirani," ndinatero. "Mwabwera ndi dokotala wa opaleshoni?"

"Ababa, sindinabwerere nthabwala. Mapiritsi munamwa?"

"Ali pawindo. Akupuma."

"Ndiye mtengowu ukugwa lero. Amayi kulibe woti azikuwazirani madzi, ine sindingachoke ku Machinjiri m'mawa uliwonse. Dokotala ananena kalekale."

Bambo wa nkhwangwa uja anali atayamba kale kuzungulira mtengo, akuuyeza ndi maso, mwina akuwerengera mitolo ya nkhuni.

"Ukaudula," ndinatero, "ndizikalirira pati?"

"Imeneyo ndi mphuno, ababa. Musandipusitse. Ndinakulira m'nyumba muno."

"Ndi mphuno, inde. Sindikukana. Koma misozi ina ndilibe. Ndakhala ndikupempha kuyambira Febuluwale, pa Misa, panjira, pogona, sinabwere. Ndiye ndabwera kwa mtengo wa mayi ako, ndiwo wandimvera chisoni. Kolala ija ndinasoka ndine, mwana wanga. Sakanapita nayo yopindika."

Sindinathe kuona nkhope yake, maso anali atadzaza. Ndinangomva mapazi ake akuzungulira kumbuyo kwa mpando. Ndikuganiza kuti ankafuna andidzutse ndi mphamvu, andichotse pamenepo. Anandigwira mapewa ndi manja awiri. Koma sanakoke. Manjawo anangokhala pomwepo.

Ine ndimati kunali kuyetsemula kumene kunkabwera, ndiye ndinkakubweza chifukwa cha alendo. Munthu ukamabweza kuyetsemula thupi limanjenjemera, aliyense amadziwa. Koma kuyetsemulako sikunafike, ndipo kunjenjemerako kunatenga nthawi yaitali, mpaka mkamwini anapita kukaima kugeti.

"Apatseni tiyi bambowo azipita," anatero mwana wanga pomaliza. Wa nkhwangwa anachoka akucheukira mtengowo ngati galu wolandidwa fupa.

Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ndowa. Anawaza madzi pabwalo, koma dzanja la amayi ake alibe: anathira ambiri mpaka panachita matope. Anatseka windo. Anafufuza m'kabati n'kupeza timipango tija, tina ta nsalu za makasitomala amene anamwalira kalekale, n'kutiika pamoto. Atatha anaima patsogolo panga, manja m'chiuno.

"Muzikhala pamenepo mpaka dzuwa lifike padenga. Likafika muzilowa m'nyumba, musambe kumaso. Madzulo piritsi. Mukaphonya ndibweranso ndi nkhwangwa, ndipo ndidula ndekha."

"Uyambe ndi mphuno," ndinatero.

Sanaseke, koma anakhala mpaka madzulo, n'kundiikira piritsi m'dzanja, n'kuima pomwepo mpaka ndinameza.

Sananenepo kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinafunse. Ana anayambanso kubwera, ngakhale si Lamlungu lililonse ngati kale, ndipo tsopano akula, m'mtengo sakweranso. Nyengo ya maluwa mwana wanga amabwera Loweruka kudzawiritsa timipango. Nyengo zina timalankhulana pafoni za mitengo ya zinthu. Pali kanthu kamene kanang'ambika pakhonde paja tsiku lija, ndipo ine telala ndikudziwa kuti chigamba, ngakhale uchisoke bwino chotani, chala chimachipezabe.

Alamu anga anamwalira ku Nsanje akukhulupirirabe za wamakala. Maliro awo anali mu Janyuwale, ndiye mukudziwa kale mmene maso anga analili. Febuluwale aliyense timapereka Misa ya malemu akazi anga, ndimakhala kutsogolo, ndipo kumaso kumakhala gwa ngati kale. Makina ndinagulitsa, ulusi sindiuonanso pasingano. Kamluzu ka m'chifuwa kaja sikanachoke, chaka chilichonse kamakwera mawu, ndipo dokotala wina watsopano wanenanso za kudula mtengo. Ndinamuuza kuti ndamva.

Mango akapsa palibe woyala pamsewu. Ana a mumzere amagenda, otsala amagwa n'kuolera pansi, ntchentche n'kumadya. Dzulo ndinaona nsonga za nthambi zayamba kutuwa. Mpando uja mwendo umodzi unagwedera, ndaumanga ndi waya.